Malo a Amayi Pamzere wa Sikelo

Ndikukumbukira dzinja limene ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndili Sitandade 5, pamene amayi anga analoledwa kuyeza tiyi wawo anzawo onse asanayeze. Munthu wa m'tauni akhoza kuseka atamva kuti kanthu kotere kangadanitse anthu, koma ife kanatidanitsa ndi layini yonse ya nyumba imene ndinabadwiramo.

Tinkakhala atatu m'nyumba ya chipinda chimodzi kumalayini, nyumba za antchito zomangidwa mondondozana kumunsi kwa minda ya tiyi: amayi, ine ndi mlongo wanga Yona. Yona anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Anabadwa bwinobwino, ndipo anali atayamba kuyenda chogwira makoma pamene anadwala malungo aakulu. Anachira, koma manja ndi miyendo zinauma, khosi linaleka kunyamula mutu, ndipo timawu timene anali atayamba kuphunzira tinapita osabwereranso. Bambo athu anapirira chaka chimodzi, kenako anati akukafuna ntchito ku Limbe. Kwathu ana ndi a mkazi, choncho atanyamula chikwama chawo palibe amene anawatsatira.

Yona sankatha kudzitembenuza yekha. Mbali imene wamugonekera ndi yomweyo imene unkamupeza atagonera. Koma anthu ankawadziwa. Ankazindikira mapazi a amayi akadali kuseri kwa nyumba, ndipo ankayamba kukankha mphasa ndi chidendene, kukamwa kuli yasa. Ankakonda nthochi yofinya ndi kulira kwa thirakitala. Ine ndinali mwana wamanyazi kwambiri, woti aphunzitsi akandiloza mawu ankathera pakhosi, ndipo munthu yekhayo amene ndinkacheza naye momasuka anali Yona. Zotsala ndinkazilemba madzulo kumapeto kwa kope lakale la masamu.

M'dzinja tiyi amaphuka usiku ndi usana, ndipo wothyola sapuma. Amayi ankachoka kusanayere, dengu kumsana, pepala la pulasitiki atamanga m'chiuno kuti mame asawanyowetse. Ine ndinkamusambitsa Yona, kumumwetsa phala, kumugoneka pamphasa ndi kukoloweka waya pachitseko, kenako n'kuyamba ulendo wa kusukulu, umene unali wautali, wodutsa m'minda ndi m'nkhalango ya bulugamu. Ndinkabwerako dzuwa litapendeka. Nthawi yonseyo Yona ankakhala yekha, atagonera mbali imodzi, pansalu yonyowa. Chaka chimenecho m'chiuno mwake munabuka zilonda, china chinatuluka paphewa, ndipo zinayamba kununkha.

Kuti mumvetse zimene zinachitika, ndifotokoze kaye mmene tiyi ankayezedwera. Ankayeza kawiri pa tsiku, masana ndi madzulo, pashedi ya malata imene inali pakati pa minda. Kalaliki ankapachika sikelo pamtanda, wothyola aliyense n'kumapereka dengu lake ndi kutchula nambala yake, pakuti malipiro ankatengera makilo. Munthu akayeza masana ankapuma mpaka kapitawo ataimba wezulo yobwerera m'munda. Woyeza koyambirira ankapuma mokwanira, pamene woyeza komaliza nthawi zina ankangotsitsa dengu wezulo n'kulira. Komanso tiyi wothyola akakhala padzuwa amafota n'kupepuka, ndiye wa kumbuyo kwa mzere ankaona makilo ake akutha iye ali chiimire.

Panalibe lamulo lolembedwa, koma mzerewo unali ndi chilungamo chake chimene aliyense ankachidziwa. Wofuna kukhala patsogolo ankasiya kuthyola msanga, anzake akadali m'munda, n'kukaika dengu lake pashedi. Ankapeza mpumulo, koma ankasiya patchire tiyi amene akanathyola. Wofuna dengu lodzaza ankathyola mpaka kumapeto, n'kukaima kumbuyo. Aliyense ankasankha yekha chimene akufuna kuluza. Amayi, popeza ankatidyetsa okha, ankathyola mpaka kumapeto, ndipo mpata wothamangira kunyumba sankaupeza.

Amene anaona zilonda za Yona anali a Nyirenda, nesi watsopano pakiliniki ya esiteti, mayi wamtali wochokera ku Rumphi amene azimayi a kumalayini ankaseka Chichewa chake akangopotoloka. Anatsuka zilondazo osakwinya nkhope, kenako anafunsa amayi kuti ndani amamutembenuza mwanayo masana. Amayi atayankha kuti palibe, a Nyirenda ananena kuti akaonana ndi a manijala.

Patapita masabata angapo, a Makwinja, kapitawo wa gulu limene amayi ankagwiramo, analengeza m'mawa anthu asanalowe m'munda kuti kampani yaganizira mabanja amene ali ndi mwana wolumala. Kuchigayo cha esiteti azilipira theka. Galimoto ya kampani ikamapita kuchipatala chachikulu azikwera ulere. Ndipo mayi wa mwanayo aziyeza tiyi wake koyamba masana, nthawi iliyonse imene wafikira pashedi, kuti athamangire kunyumba kukaona mwana. M'gulu lonse la a Makwinja banja lotero linali lathu lokha, ndiye ngakhale sanatchule dzina, mitu yonse inatembenukira kwa amayi.

Kwa Yona zinayenda bwino. Amayi ankafika thukuta lili kamukamu, kumusintha nsalu, kumutembenuza, kumudyetsa nthochi, n'kubwerera wezulo isanalire. Zilonda zija zinayamba kuuma m'mbali. Ndinkabwerako kusukulu n'kumupeza ali pouma, akuyang'ana kuchitseko, ndipo m'kope langa ndinalemba kuti a Nyirenda ndi munthu wabwino kuposa onse amene ndinawaonapo.

Za chigayo ndi galimoto anthu anangong'ung'udza masiku angapo, zinatha. Za mzere ndi zimene zinabutsa moto. Amayi tsopano ankathyola mpaka kumapeto, n'kubwera ndi dengu lodzaza, kudutsa onse amene anasiya msanga kuti apeze malo, n'kukayeza tiyi wawo asanafote. M'gulu lonselo iwo okha ndi amene sankaluza kanthu.

Amene zinawawawa kwambiri anali amake Joji, amene ankakhala nyumba yachitatu kuchokera pa yathu. Anali mayi wamasiye wa ana asanu, womaliza akadali pabere. Kale iwo ndi amene ankakhala oyamba pamzere pafupifupi tsiku lililonse, chifukwa ankasiya kuthyola msanga kuti akayamwitse. Asanalengeze zija anali munthu woti ankatipatsa mchere, ndipo mwana wawo Falesi ndi amene ndinkayenda naye popita kusukulu. Atalengeza, Falesi anayamba kunyamuka osandiitana.

Chidanicho chinabwera pang'onopang'ono. Ndikaika ndowa yanga pamzere wa pampopi n'kupita kukaona Yona, ndinkaipeza ili kumbuyo kwenikweni. Tsiku lina ndinayesa kuibwezera pamalo pake, mayi wina anaikankha ndi phazi.

"Kuno kulibe nesi," anatero.

Ndikapita kukapala moto ankandiuza kuti wazima, utsi ndikuuona ukutuluka. Amayi ankadziwika kuti amake Enelesi, potengera dzina langa monga mwana woyamba, koma tsopano anthu anayamba kuwatchula kuti amake chilema. Akamadutsa, amake Joji ankakweza mawu ngati akuyankhula ndi anzawo. "Pambukani, a bwana adutse. Kodi inu, chilema amagula kuti? Nafenso tikagule chathu, tiziyeza koyamba." Ndiyeno panabuka mphekesera yoti Yona sanadwale malungo ayi, koma amayi anachita kumupunditsa dala kwa sing'anga wina wa ku Khonjeni kuti azipeza mwayi, ndipo mwayiwo ndi umene wayamba kuoneka. Anthu omwewo amene anaona Yona akunyamulidwa kupita kukiliniki atakomoka ndi malungo ndi amene ankanong'onezana zimenezi. Amayi ankangofika kunyumba, kutsitsa dengu, n'kukhala pansi nthawi yaitali asanayambe kuphika.

Tsiku lina Lachisanu anatitulutsa msanga kusukulu chifukwa aphunzitsi ankapita kumaliro a mnzawo ku Masambanjati. Njira yathu inkadutsa pafupi ndi shedi, ndipo ndinafika pomwepo kuyeza kwa masana kutatsala pang'ono kuyamba. Ana sankaloledwa pashedi, choncho ndinaima kuseri kwa bulugamu wamkulu kuti ndidikire amayi tipitire limodzi. Mvula inali itakata, dzuwa likuotcha, ndipo fungo la tiyi wamuwisi linali paliponse. Madengu anali atandandalikidwa kale, la amake Joji lili patsogolo.

Amayi anatulukira m'munda mochedwa monga mwa masiku onse. Anatsitsa dengu lawo patsogolo pa mzere, n'kutembenuka kuti amasule pulasitiki ya m'chiuno, imene mfundo yake inali itamangika. Pamenepo ndinaona amake Joji akumasula mfundo ya chitenje chawo, n'kutulutsamo masamba akuda, okhwima, odzaza manja awiri. Anawalowetsa m'dengu la amayi, n'kuvundula mwachangu ngati munthu akusakaniza mphale. Azimayi amene anali pafupi anaona. Mmodzi anatembenuzira nkhope kumunda. Palibe anawaletsa.

Tiyi wofunika ndi masamba awiri anthete ndi kansonga kake. Kalaliki asanayeze ankalowetsa dzanja m'dengu, ndipo akapeza masamba okhwima ankakhuthula dengu lonse pasaka kuti mwiniwake akhale pansi asankhe, ena akuyeza. Analowetsa dzanja m'dengu la amayi, n'kulitulutsa litadzaza masamba akuda aja.

"Mayi, uyu ndi tiyi kapena nkhuni?"

"Ine sindinathyole amenewo, bambo."

"Ndiye alowa okha? Khalani apo musankhe."

Anakhuthula. Amayi anayang'ana mzere wonse, nkhope ndi nkhope, kenako anakhala pansi n'kuyamba kusankha. Amake Joji ananyamula dengu lawo n'kulipachika pasikelo. "Lero a bwana akhala pansi," anatero, ndipo ena anaseka, ngakhale si onse. Amayi ankasankha mofulumira, ndipo kanthawi kalikonse ankadzutsa mutu kuyang'ana kumunsi kumene kunali malayini. Ndinadziwa chimene ankayang'ana. Ndinasiya mtengo uja n'kuthamanga.

Ndinamupeza Yona atatsetsereka pamphasa, nkhope itatsamira khoma. Mvula ya masiku amenewo inali itatulutsa nyerere zofiira m'ming'alu ya pansi, ndipo zinali zitadzaza pansalu yonyowa ndi pachilonda cha m'chiuno chimene chinali chitangoyamba kutseka. Anali atalira mpaka mawu kutha, kukamwa kokha ndi kumene kunkatseguka. Ndinamunyamula kupita naye pakhonde, kumuvula, n'kumachotsa nyererezo imodziimodzi, zina zitaluma moti mutu unkatsalira pakhungu. Ndinamusambitsa ndi madzi ofunda ndikumuimbira kanyimbo ka kusukulu, koma sanakankhe chidendene ngati kale. Ankangonjenjemera. Tsiku limenelo amayi sanabwere masana, wezulo inawapeza akadali pasaka paja. Pakanapanda maliro a ku Masambanjati aja, Yona akanakhala ndi nyererezo mpaka dzuwa kupendeka.

Amayi atafika madzulo ndinawauza zonse. Sindinayambe ndayankhulapo mawu ambiri chotero kwa munthu wamkulu. Ndinawauza za mfundo ya chitenje, za mayi amene anatembenuza nkhope, za nyerere. Ndinkadziwa, monga mwana aliyense wa kumalayini ankadziwira, kuti wogwira dengu la mnzake amachotsedwa ntchito, ndipo ntchito ikatha nyumba nayo yatha. Ndinawapempha amayi kuti tipite kwa a Nyirenda m'mawa. Ndinkafuna kuona katundu wa amake Joji ali pamsewu, mphasa ndi miphika zitamangidwa m'chitenje, Falesi atanyamula mwana. Ndinkaziona m'maganizo ndipo zinkandikomera.

Amayi anamugoneka Yona pamiyendo pawo n'kumamupaka mafuta pamene panatupa. Nsagwada zawo zinali zitalimba moti ndinkaona mtsempha ukugunda.

"Akachoka amake Joji, mawa adzathira wina," anatero. "Iwe udzakhala kuseri kwa mtengo tsiku lililonse?"

"Koma ndi kampani inakupatsani malowo."

"Kampani yandipatsa chiyani? Wezulo ikulira nthawi yake yomwe ija. Sikelo ndi imodzi yomwe ija. Nthawi imene ndimathamangira kuno a manijala sanatulutse m'thumba mwawo. Anatapa m'madengu a anthu aja n'kundipatsa ine."

Sindinamvetse, ndipo ndinakwiya nawo. Ndinaganiza kuti akuopa.

Lamulungu titabwerako kutchalitchi, amayi sanavule chitenje chawo chatsopano. Anamubereka Yona, miyendo yake ikulendewera mpaka m'mawondo mwawo, n'kundiuza kuti ndiwatsatire. Yona sankatuluka kawirikawiri, ndiye anthu a layini yonse anasiya zimene ankachita. Ena anatulutsa malichero n'kumapeta pakhomo, ena anayamba kulukana tsitsi pamalo poti amve bwino. Tinaima pakhomo pa amake Joji.

"Odi."

Panali zii.

"Odi kuno, amake Joji."

Anatuluka mwana ali m'chiuno. Sanatiyalire mphasa.

"Mwasochera? Kwa nesi ndi uko."

"Enelesi," amayi anatero osandiyang'ana, "nena zimene unaona Lachisanu."

Ndinayang'ana mapazi anga, kenako mapazi a amake Joji, amene anali ong'ambika zidendene ngati a amayi. Falesi anali ataima m'nyumba kuseri kwa chitseko, diso limodzi likuoneka. Ndinayankhula, koma ngakhale ine sindinadzimve.

"Kweza mawu."

Ndinayang'ana mwendo wa Yona, umene unali ndi timatuza ta nyerere kuyambira m'bondo mpaka kuphazi, ndipo mawu anatuluka.

"Ndinaona inuyo mukutulutsa masamba okhwima pachitenje. Munathira m'dengu la amayi n'kuvundula. Ndinali kuseri kwa bulugamu."

Malichero aja anasiya kulira. Amake Joji anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwana wosayankhula uja lero wapeza pakamwa," anatero. Kenako anatembenukira kwa amayi. "Pitani, kaneneni. Andichotse. Ana anga asanuwa mudzawatenge inu, poti ndinu okondedwa a kampani. Ine ndimasiya tiyi patchire tsiku ndi tsiku kuti ndidzayamwitse uyu. Mkaka umachita kudontha ndili pamzere, bulauzi yonse kunyowa. Inu mumangotulukira ngati mkazi wa manijala, dengu lili tho, n'kundidutsa. Wangayu si mwana? Kapena ndimuthyole mwendo kuti amuone?"

"Wanuyo adzayenda," amayi anayankha.



"Sindinabwere kudzapepesa," amayi anapitiriza, "ndipo chipepeso chanu sindikuchifuna. Masana ndiziyeza koyamba. Zimenezo sindisiya ngakhale mutandithirira chitsa chonse m'dengu. Koma madzulo Enelesiyu amakhala atabwerako kusukulu. Madzulo ndiziyeza komaliza, pambuyo pa munthu wina aliyense, ngakhale nditafika pashedi ndekha anthu kulibe. Tsiku lililonse."

Ananena mokweza kuti a malichero aja amve, ndipo onse ankadziwa tanthauzo lake. Malo omaliza madzulo anali oipa kuposa onse. Tiyi amakhala atafota kuyambira masana, kalaliki atatopa ndipo akudula makilo mwaukali, mvula ya madzulo ikukupeza uli panja pa shedi, ndipo pofika kumalayini madzi a pampopi amakhala atatsekedwa. Anthu ankakanganirana kuti asakhale omaliza, ndipo amene ankagwera malowo kawirikawiri anali okalamba oyenda pang'onopang'ono.

"Ndi mvula yomwe?" anafunsa amake Joji.

"Ndi mvula yomwe."

"Nanga zimene wanena mwanayu?"

"Mwanayu ndi wamanyazi, sayankhula kawiri. Koma akadzaonanso, ndidzamuyankhulitsa pamaso pa a Makwinja."

Amake Joji anasuntha mwana wawo kupita naye chiuno china. Kwa nthawi yoyamba anayang'ana Yona, amene mutu wake unali utagwera paphewa la amayi, malovu akutsikira pachitenje chatsopano chija. Sindinaone chisoni pankhope pawo. Ankaoneka ngati munthu amene akuyeza katundu ndi maso pamsika.

"Tiona," anatero, n'kulowa m'nyumba.

Kuyambira Lolemba amayi anachita zimene ananena. A Nyirenda atamva anawaitanitsa kukiliniki, ndipo ine ndinali pomwepo nditanyamula Yona kuti amutsuke zilonda. Anali atakwiya kwenikweni.

"Mayi, malo aja ndi ufulu wanu. Ndinavutika kuti a manijala avomere. Mukugulanso bwanji chinthu chimene munapatsidwa?"

"Zikomo, a nesi, munandithandiza," amayi anayankha atawerama. "Koma inu mumagona ku nyumba za masitafu. Ine ndimagona kumalayini."

Mtengo wake tinaumva tonse. Makilo a amayi anatsika, ndipo ndiwo zathu zinakhala masamba a chinangwa masiku ambiri. Ntchito zonse za madzulo zinagwera ine: kutunga madzi mpopi usanatsekedwe, kusonkha moto, kusambitsa Yona. Ndinkaima pakhomo n'kumaona azimayi akutsika m'munda awiriawiri, atatuatatu, akucheza, madengu opanda kanthu ali kumsana, mpaka njira yonse n'kukhala yopanda munthu. Ndiyeno patapita nthawi amayi ankatulukira okha, nthawi zambiri atanyowa, ndipo dzinja limenelo anatenga chifuwa chimene sichinawasiye kwa miyezi. Ndinkawadana nawo anthu onse amene ankadutsa pakhomo pathu amayi asanafike, ndipo m'kope langa ndinasiya kulemba za anthu abwino.

Koma m'dengu la amayi simunapezekenso tsamba lokhwima. Ndowa yanga inayamba kukhala pamene ndaisiya. Nyumba zina zinayambanso kundipatsa moto, ngakhale ankandipatsira pakhomo osandifunsa kuti kunyumba kuli bwanji. Mphekesera ya sing'anga ija sinathe, ndinkaimvabe ndili ku sekondale. Amake Joji sanawapatsenso moni amayi, ndipo Falesi ndi ine tinkayenda njira imodzi ya kusukulu, wina patsogolo wina pambuyo, mpaka tinamaliza Sitandade 8. Masana aliwonse amayi ankafika kunyumba, ndipo zilonda za Yona zinatseka, n'kusiya zipsera zosalala zimene ndinkazisisita ndi chala pomusambitsa.

Dzinja lotsatira kunabwera antchito atsopano a nyengo ya tiyi wambiri, ena ochokera kwa Khwethemule, amene sankadziwa za pangano lija. Amayi anandiuza madzulo ena, akuotha moto, kuti mtsikana wina mwa iwo anali woyamba pamzere masana, ndipo atawaona akudutsa anatchinga njira ndi dengu lake. Anafunsa mokweza kuti mayi ameneyu ndi ndani woti azidutsa anthu. A Makwinja anali kutali, kalaliki ankapachika sikelo. Amene anayankha anali amake Joji, ali pambuyo pa mtsikanayo, nkhope atalozetsa kumunda.

"Iwe, chotsa dengu lako. Malo amenewo analipira."

Amayi ananena zimenezi osamwetulira, ndipo ine sindinadziwe ngati ndisangalale kapena ndilire.

Yona anakhala nafe mpaka atakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Anapita ndi chibayo nyengo ya chiperoni, thupi lake lilibe chilonda ngakhale chimodzi. Amayi anapuma ntchito n'kubwerera kumudzi, kumene amalima nthochi ndi nandolo. Ine ndine mphunzitsi, ndipo manyazi aja sanathe, anangophunzira kuima kutsogolo kwa kalasi.

Masiku ano ndikalowa kuchipatala kapena m'banki n'kuona mayi wobereka mwana wamkulu ngati Yona akuuzidwa kuti adutse, ndimasangalala, chifukwa ndikudziwa chimene chikumuthamangitsa. Koma maso anga sakhala pa iye. Amapita kwa amene aima pamzere, ndipo ndimaona nkhope zomwe zija. Amake Joji sindinawakhululukire, ndipo sindikuganiza kuti ndiyenera kutero, pakuti nyerere zija zinaluma mwana amene sanawalakwire. A Nyirenda nawo ananena zoona: amayi sankayenera kugula chinthu chimene chinali chawo. Chimene ndamvetsa pokula n'chakuti theka la kuchigayo ndi galimoto yaulere sizinatidanitse ndi munthu, chifukwa zinachokera m'thumba la kampani. Malo a pamzere anachokera kwa amphawi anzathu, amene palibe anawafunsa. Kampani ikanapachika sikelo yachiwiri, kapena kuchedwetsa wezulo pang'ono, mayi woyamwitsa ndi mayi wa mwana wolumala sakanalimbirana malo amodzi. Amene akanatha kuchita zimenezo sanaimepo pamzere uja ngakhale tsiku limodzi, ndipo palibe anawathirira tsamba m'dengu.

Ndikaganiza za amayi, sindiwaona akudutsa anthu masana. Ndimawaona akutsika okha m'njira ya m'munda, anzawo onse atafika kale, chitenje chitamatirira m'miyendo ndi mvula. Ine ndili pakhomo sindinawaone bwino, koma m'nyumba Yona wayamba kale kukankha mphasa ndi chidendene.